Kata ya Mumpanda

Lolemba, 2 Outubro 2017. Moatize, bairu 25 de Setembro

Kutentha kwa chaka chino, ngakhale abuluzi akukana kutuluka. Octávio wapita kumgodi mmamawa. Nsapato zolemera, chipewa, botolo la madzi, kenako phokoso lija: kadiyadu, loko wake uja, pachipata, mbali yakunja. Amatseka n'kukoka kuti atsimikize. Mwamuna wanga ndi wosamala zinthu zake. Galimoto ya malasha imene amayendetsa ndi yaikulu kuposa tchalitchi cha kwathu, koma chimene amaopa kuti chingamupulumuke ndine.

Kusesa, kuchapa, kuyanika. Posakhalitsa zoyera zonse zasanduka zotuwa ndi fumbi la malasha.

Ntchito itatha ndavula mapatapata, ndaima pa mng'alu wa simenti pafupi ndi thanki. Kuwerama. Kata, mndandanda wa mayendedwe a karate, yoyamba ya Heian, imene amayambira ana a lamba woyera. Ine wa lamba wa kastanyu, wofiirira uja wa akuluakulu, ndabwerera ku ya ana, poti zikuluzikuluzo sizikwana mumpanda muno. Maso kumanzere, kutchinga pansi, kuponda, nkhonya. Kutembenuka. Adani osaoneka, wina mbali iyi, wina kumbuyo. Onse ndimadziwa pamene aima. Saledzera, ndipo safunsa kuti ndimalankhula ndi ndani.

Mestre Agostinho, amene anandiphunzitsa karate kwathu ku Zóbuè, ankati kata ndi nkhokwe. "Ukasowa mnzako wolimbana naye, ukasowa bwalo, ukasowa ine, mbewu zonse zili mmenemo." Iwo anaiphunzira kukampu ya othawa nkhondo ku Mwanza, nabwera nayo kumudzi pamodzi ndi mphika ndi bulangete. Ankati ndi katundu yekhayo amene a pamalire sangamusechere.

Lamulo la kata, pomaliza uime pomwe unayambira. Ndaima pa mng'alu pomwepo ndendende. Kale ndikananyadira. Lero ndayang'ana pansi, mtima kuwawa: thukuta lonseli, ndili pomwepo. Ndasesa mapazi anga pafumbi, ndakatereka nyemba.

Lachitatu, 4 Outubro

Tsiku la Mtendere. Octávio kuntchito sanapite. Anzake anabwera ndi mowa ndi wailesi, ine kukhitchini ndi chiwaya cha nkhuku.

Mmodzi, Raúl, wofunsafunsa uja: "Kodi alamu si aja ankamenya karate?" Octávio kuseka. "Ndiyo inamuumitsa mimba. Pano anasiya." Onse kuseka pang'ono, kwaulemu, monga amasekera alendo amene akudikira nyama.

Chaka chatha, mwezi ngati uno, ndinapita padera. Kuchipatala anati zimachitika kwa ambiri, palibe wolakwa. Apongozi anati mkazi woponya miyendo m'mwamba sasunga mwana. Octávio anamvera amayi ake. Kimono changa, chovala cha karate, anachitentha kuseri kwa chimbudzi, chipata n'kuyamba kutseka, "kuti upume". Ndikupumabe mpaka lero.

Lamba yekha anapulumuka. Ndinamangira mphasa imene imaima pakona ya sala, pabalaza pathu. Amaidutsa tsiku lililonse osaona. Mwamuna sayang'ana chimene chamanga mphasa.

Alendo atachoka, mbama. Akuti ndinamwetulira Raúl. Dzanja ndinaliona likubwera kuchokera kutali, lapang'onopang'ono, lokhotakhota, loti mwana wa lamba woyera akanalitchinga akuyasamula. Mikono yanga inali lende ngati ya mwini. Sindinakuwe. Makoma a kuno ndi afupi, manyazi ndi aatali.

Loweruka, 7 Outubro

Mutu wa Dona Aurora pamwamba pa khoma. Ndi mnansi wanga, amagulitsa mbatata ndi kabichi pamsika, amakapikula ku Zóbuè. Amakwera pa ndowa kuti andione.

"Mana Dina, muli tani?" Ndati ndili bwino. Wayang'ana tsaya langa, wayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula.

Wabwera ndi uthenga. Mestre maondo awathera, akuyenda ndi ndodo. Ali ndi kagulu ka atsikana, koma makolo akukana kusiyira ana awo aakazi anyamata. Akapanda kupezeka wamkazi shikola, sukulu ya anawo, isanatseke, gululo litha. Akuti: "Kamuuzeni Leopoldina abwere adzagwire atsikanawa."

Ndaseka. Ndipite bwanji, ndiuluke? Aurora wandipatsa matimati n'kutsika pa ndowa yake.

Tsiku lonse uthengawo wandikhala pachifuwa. Zaka zonse zija Mestre sananene ngakhale kamodzi kuti ndachita bwino. Ankangoti, "Bwereza." Lero akundiitana dzina.

Masana kata. Mumpanda muno ndinaiphunzitsa kupewa zinthu. Waya wa zovala umadutsa pakati penipeni, pamsinkhu wa chipumi changa, ndiye ndikamalunjika kutsogolo ndimaweramitsa mutu pamenepo. Pafupi ndi thanki pali kangalande, ndimakweza phazi. Mestre akanakhalapo ndodo ikanandipeza. Ankati, "Thupi silisankha. Chimene walibwerezera ndicho limasunga, chabwino ndi choipa chomwe." Ndizikonza ndikadzapeza bwalo. Kukonza n'kosavuta.

Lachiwiri, 10 Outubro

Ndapeza nzeru ya kiai.

Kata ili ndi malo ake okuwira. Si kukuwa kwa mantha kapena kwa maliro. Mpweya umachokera pansi pa mchombo n'kutuluka wonse nthawi imodzi, pamodzi ndi mkono. Mestre ankati kiai imaopseza anthu awiri, mdani ndi wamantha amene ali mkati mwako. Chaka chathunthu ndakhala ndikumeza. Ndimatsegula pakamwa ngati nsomba, osatuluka kanthu.

Koma masana kumgodi amaphulitsa miyala. Poyamba sireni, kenako bata, kenako nthaka imagwedezeka, mazenera kunjenjemera, agalu onse a mubairu kuuwa. Ndiye lero ndadikira sireni, ndayamba kata, ndayenda nayo modekha. Pofika pa kutchinga kwa m'mwamba komaliza, mgodi unaphulika, ine n'kukuwa nawo. Palibe anamva. Ngakhale ine sindinadzimve bwino, koma m'mimba ndinamva.

Ndakhala pansi pafupi ndi thanki n'kulira. Kulira kokoma. Kenako fumbi linafika, ndathamangira kukaanula zovala.

Lachisanu, 13 Outubro

Octávio wabwera dzuwa likadali pamutu. Galimoto yake yafa. Ine ndinali ndisanasese.

Simenti yonse yakuda ndi fumbi, ndipo pafumbipo nkhondo yanga yonse yalembeka. Mapazi oloza kuno, oloza uko, mizere yokhwekhwereza, pozungulira chidendene. Anayendayenda atawerama ngati mlenje wotsata nguluwe.

"Ninyi bzimwebzi? N'chiyani ichi? Analowa angati muno?"

Ndinati ndimathamangitsa khoswe. Bodza lopusa, koma ndilo linali pafupi. Anaika nsapato yake pambali pa phazi limodzi, kuyeza. Mapazi onse ang'onoang'ono, onse ofanana, onse opanda nsapato. Munthu wina akanaona. Iye anagwedeza mutu: "Anyamata a masiku ano, timapazi ngati ta akazi." Ndiye kuti amalumpha khoma, amavula nsapato kuti asamveke, ndipo timavina.

Zoona zake, adani analipodi, ochuluka ndithu, ndipo onse ndinawagonjetsa. Chimenechi chinandiseketsa mumtima, mwina chinaonekera pankhope. Zotsatira zake sindilemba.

Lolemba, 16 Outubro

Mabuloko afika, ndi mchenga ngolo yathunthu. Akufuna kukweza khoma ndi kuika magalasi osweka pamwamba. Mmisiri adzayamba kumapeto kwa mwezi. Pakadali pano zonse aunjika mumpanda. Theka la bwalo langa lapita.

Nthiti kuwawa popuma. Ndayesabe. Mwendo ukangotambasuka mmene uyenera, chala chimagunda buloko. Ndafupikitsa mapazi. Ndafupikitsanso. Maondo osapinda kwenikweni, timapazi ta munthu wolowa m'tchalitchi mochedwa. Yakwana. Ndathera pa mng'alu pomwepo.

Kodi ikadali kata? Mayendedwe onse alipo, mndandanda wake sunasinthe. Koma ndikuchita manyazi nayo, ngati chovala cha mwana chimene wavala wamkulu.

Khomalo likakwera, mutu wa Aurora sudzaonekanso. Ndowa yake ndi yaifupi.

Lachinayi, 26 Outubro

Sindinalembe masiku onsewa. Panalibe cholemba. Kusesa, nyemba, sireni.

Lero sireni inalira monga mwa masiku onse. Ndinayamba, ndinayenda nayo, ndinafika pamalo paja, ndinakuwa ndi mimba yonse. Mgodi unakhala chete. Kaya chinawavuta n'chiyani. Mawu anga anatuluka okhaokha, anadumpha khoma, anayenda bairu yonse. Nkhuku za Aurora zinabalalika.

Posakhalitsa mwini nkhuku ali pakhoma, munsi m'manja, mpango utagwa. Anayang'ana kuseri kwa thanki, kuseri kwa mabuloko. Palibe munthu. Ine ndekha, chiimire, mkono uli m'mwamba.

"Mana Dina! Masiku onse akamakumenyani mumakhala duu, lero kulibe ndiye mukukuwa?"

Kani amamva. Chaka chonsechi amamva. Ndinafuna nthaka ing'ambike.

Ndinamufotokozera. Anati ndimuonetse. Ndinachita yonse, iye ali pa ndowa, chibwano pakhoma. Nditamaliza anafunsa chimene ndimadzifunsa ndekha: zonsezi ndikuzidziwa, bwanji osamubwezera? Ndinati karate si yobwezera. Ndinati kata zathu zimayamba ndi kutchinga, osati nkhonya. Ndinayankhula bwino kwambiri, ngati katekisita.

"Ndiye tchingani," anatero. "Ndipo mukuwe ngati mmene mwakuwira leromu. Za m'banja salowerera popanda mkuwo, mukudziwa. Makutu tili nawo, timangosowa polowera."

Mgodi unaphulika titamaliza kucheza. Tonse tinadzidzimuka, kenako kuseka.

Lolemba, 30 Outubro. Zóbuè

Ndikulemba ndili pakhonde la amayi.

Dzulo mmawa Octávio anali pa folga, tsiku lake lopuma. Akakhala pakhomo chipata satseka, amatulukatuluka kukagula ndudu. Kunatentha msanga, anafuna kugona pamthunzi, anakatenga mphasa yekha. Chaka chonse sanaikhudzepo. Anaimasula panja, lamba n'kutsala m'manja mwake. Anautembenuza, anaona dzina langa losokedwa kunsonga.

Anayang'ana lamba, anayang'ana simenti, ndipo ndinaona nkhope yake ikuwerenga mapazi aja kachiwiri. Akanakhala anyamata olumpha khoma mwina akanandikhululukira. Anauponya pansi n'kubwera.

Mutu wanga unathawa monga umachitira nthawi zonse. Koma ndinali nditaima pafupi ndi mng'alu, wopanda mapatapata, ndipo mkono unakwera wokha. Fupa pa fupa. Anabwerera m'mbuyo atagwira dzanja lake, maso tong'o. Mwendo wanga unaponda kutsogolo chifukwa pambuyo pa kutchinga koyamba pamabwera kwachiwiri, thupi silidziwa njira ina. Anaponyanso, ndinatchinganso. Iye chafutambuyo, ine kutsogolo. Pa waya wa zovala mutu wanga unawerama wokha. Wake sunadziwe. Waya unamugwira m'khosi chakumbuyo, chidendene chinakodwa, anakhala pansi pa mchenga wake womwe. Kutchinga komaliza kunapita m'malere, ndipo kiai inatuluka.

Sindinamumenye. Ndikulemba kuti ndidzakumbukire: sindinamumenye ngakhale kamodzi.

Aurora analowa pachipata, osati pakhoma. Kumbuyo kwake amuna ake, amayi a pampopi, anthu obwera kumisa atavala zoyera. Bwalo linadzaza. Octávio ali pamchenga akunena kuti ndi nkhani ya m'banja. Wina anati, "Tamva mkuwo."

Ndinatola lamba. Chipata chinali pululu. Kata inali isanathe, panatsala kutembenuka ndi kubwerera pa mng'alu. Miyendo inafunadi kutembenuka. Ndinaikakamiza kulunjika.

Aurora anandibwereka mapatapata, anandikweza shapa, minibasi ya ku Zóbuè, pamodzi ndi matumba ake a mbatata opanda kanthu. Titayamba kukwera mapiri mphepo inazizira, ndinatsegula zenera.

Lachinayi, 2 Novembro

Kuno kuli monga ndinakusiyira. Mzere wa magalimoto akuluakulu odikira pamalire, anyamata osintha ndalama, fungo la chimanga chootcha. Ndikugona ndi mng'ono wanga pabedi limodzi, mapazi ake kumaso kwanga.

Amayi analira atandiona nthiti. Atapukuta misozi anati banja ndi kupirira. Anati iwo anapirira nkhondo, kampu, njala, ine ndikulephera chipata? Malume Tito, ankhoswe anga, alandira foni. Octávio akubwera Lamlungu ndi akwawo. Akulonjeza kuchotsa kadiyadu, mabuloko abweza. Akuti anachita manyazi pamaso pa anthu ndipo waphunzira. Malume akuti mwamuna wa ntchito ya kumgodi satayidwa ngati chitsononkho.

Mwina akunena zoona. Kuno ndili ndi chiyani? Chitenje chobwereka, lamba wopanda kimono. Amayi a pachitsime amasiya nkhani ndikafika. Nthawi zina ndimaganiza kuti ndibwerere, bola chipata chikhale chotsegula. Ndatopa.

Mestre sindinawaone, ali kuchipatala ku Tete za maondo, abwera Loweruka. Anasiya mawu kuti ndiyambe. Kuyambira Lachiwiri ndikukumana ndi atsikana pabwalo la shikola akaweruka. Ambiri ndi atsopano, ena ndi zitenje, ena ndi makabudula a azichimwene awo. Ndimaima kutsogolo, iwo kumbuyo, timachita Heian yoyamba. Amagwira msanga, anawa. Amandiyang'ana ngati ndatsika kumwamba.

Dzulo titamaliza ndinapezeka ndathyola nthambi, ndikusesa mapazi anga pabwalo la shikola. Ana anaganiza kuti ndi mwambo, nawonso anathyola zawo. Masana ndimatcherabe khutu kudikira sireni.

Loweruka, 4 Novembro

Mestre abwera. Achepa thupi, ndodo m'manja, maso omwe aja. Sanandifunse za Moatize. Anati, "Wanenepa m'mapewa," n'kukhala pa mpando umene ana anawatengera.

Ndinaima kutsogolo, tinachita kata yonse. Ndinkamva mapazi a ana kumbuyo kwanga akugunda pamodzi, mtima unadzaza. Ndinadikira mawu aja, bwereza.

Iwo anati, "Leopoldina, bwera uime pano. Uwawerengere, achite okha. Uone ana ako."

Masiku onsewa ndinali kutsogolo, ndinali ndisanawaonepo. Ndinawerenga. Bwalo la shikola ndi lalikulu, anyamata amaseweramo mpira, kumapeto kwake kumaoneka phiri. Pakati pa bwalo lonselo atsikana anga anayenda timapazi tating'ono, maondo osapinda, mothinana ngati ali m'bafa. Potembenuka onse anakweza phazi kulumpha kangalande. Ndipo polunjika kutsogolo, pamalo amodzimodzi, mitu yonse inawerama pamodzi. Bwinobwino, mosaphonya ngakhale mmodzi. Ngakhale akale aja, amene Mestre anawaphunzitsa okha, anasintha. Anaganiza kuti ndi mmene amachitira a ku Moatize.

Ndinasiya kuwerenga pakati.

Kamtsikana kena kopanda mano akutsogolo kanakweza dzanja. Mestre amawaphunzitsa kufunsa ntchito ya kayendedwe kalikonse. "Mana, pamene timawerama paja, mdani amakhala akumenya kumutu?"

Ndinayang'ana Mestre. Anati, "Yankha. Mu kata mulibe chopanda chifukwa."

Ndinati, "Pamenepo pali waya wa zovala."

Ana onse anayang'ana kumwamba. Kunalibe kanthu, mitambo yokha ya mvula yoyamba.

Sindinachitepo manyazi otere, ngakhale tsiku lija la Aurora. Ndiponso mkwiyo, woyamba weniweni, wotentha mpaka m'makutu. Chipata ndinatuluka, shapa ndinakwera, koma mpanda wonse ndinabwera nawo, thanki, ngalande, mabuloko, ndipo m'masiku ochepa chabe ndamangira ana a eni ake. Akachotsa kadiyadu ndiye kuti achotsa chiyani? Ndikabwerera ndidzawerama ndekha, wosandiuza.

Ndinawauza ana kuti ndinawaphunzitsa zolakwika, aiwale, tiyambirenso. Mestre anati kuiwala kulibe, pali kubwereza kokha mpaka chatsopano chikwirire chakale, ndipo zimatenga nthawi yaitali kuposa kuphunzira. Anajambula mzere pansi ndi ndodo, kutali kwambiri ndi chala changa. "Phazi lifike apa."

Linafika. Ntchafu inanjenjemera ngati ya mwana wa mbuzi. Phazi lachiwiri, lachitatu. Pamalo a waya khosi linayamba kupinda lokha, ndinalimva likukoka. Ndinaluma mano, ndinadutsa chiimire, ndinakuwa popanda sireni. Mawu anakagunda khoma la shikola n'kubwerera.

Sindinathere pomwe ndinayambira. Ndinapitirira kutali ndithu, pafupi ndi golo. Mestre anayang'ana mpatawo nthawi yaitali.

"Bwereza."

Madzulo ndawauza malume kuti alendo awo akafika mawa awalandire okha. Ine ndidzakhala kubwalo, ndili ndi mitu ya ana yoti ndiwongole.